Chitunda chimodzi, manambala atatu

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya njinga. Ndikudziwa kuti tinazolowera kukambirana za chikondi, za maliro ndi za kukwera mtengo kwa zinthu, koma mundipirire pang'ono. Ngati munatsikapo pa njinga pakati pa chitunda n'kuyamba kukankha, uku mukunamizira kuti tcheni yavuta, nkhaniyi ndi yanu.

Kutalika kwa msewu sitikanganirana kwenikweni. Funsani dalaivala wa minibasi, wapolisi wa pa rodibuloko ndi foni yanu kuti kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Dedza pali makilomita angati, onse atatu akuuzani nambala yoyandikira 85. Koma tafunsani kuti munthu wopalasa njinga pa msewu womwewo amakwera mamita angati. Dalaivala akuyang'anani ngati mwapenga, zimenezo n'zomveka. Chodabwitsa n'chakuti mafoni atatu amene ayendera limodzi, tsiku limodzi, pa phula limodzi, akupatsani manambala atatu osiyana, ndipo iliyonse ionetsa nambala yake mopanda manyazi ngati kuti yachita kuyeza ndi tepi ya mmisiri.

Pa maapu a masewera nambala imeneyi amaitcha elevation gain. Ife tingoti chikweza chonse cha ulendo. Si chimodzimodzi ndi kusiyana kwa kutalika kwa malo awiri ayi. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe tawuni ya Dedza ili cha m'ma 1,600. Mwana wa ku pulayimale achotsera n'kupeza 550. Komatu msewu wa M1 sukwera ngati makwerero. Pa Nathenje mumatsikira kumtsinje n'kukweranso, pa Diamphwe chimodzimodzi, pa Linthipe chimodzimodzi, kuphatikiza timadambo tambirimbiri topanda mayina. Mamita onse amene mwatsika muyenera kuwagulanso ndi akatumba anu, ndipo mtsetse subweza chenje. Chikweza chonse ndiye kuphatikiza kwa paliponse pamene munakwera, osachotsera pamene munatsika. Apa ndiye pagona vuto.

Ine ndimapalasa Loweruka m'mawa ndi anzanga angapo. Sitili akatswiri, ena mimba zinatsogola kale. Tikamaliza timakhala pa benchi ya wogulitsa tchipisi, aliyense n'kutulutsa chake. Wina ali ndi kakompyuta komangirira pa handulo, wina wotchi ya pamkono imene mlamu wake anamutumizira kuchokera ku Joni, ine foni wamba yong'aluka galasi. Makilomita amafanana, mwina kusiyana pang'ono chabe. Chikweza ndiye ayi. Amene chake chaonetsa nambala yaikulu ndi amene amafulumira kuika pa WhatsApp, ndipo wa nambala yaing'ono amati, "Achimwene, chanucho n'chabodza, musatinamize." Takhala tikukangana chonchi kwa nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kufufuza kuti zipangizozi zimaitenga kuti nambalayi.

Njira zake zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi bodza lakelake.

Yoyamba ndi GPS. Masetilaiti ake amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba. Foni yanu imamvetsera uthenga wochokera kwa angapo mwa iwo, n'kuwerengera nthawi imene uthenga uliwonse watenga kuti ufike, kenako n'kudziwa pamene muli. Pofuna kudziwa ngati muli kum'mawa kapena kumadzulo kwa mlatho, zimayenda bwino, chifukwa masetilaitiwo akuzungulirani mbali zonse, wina uku wina uko, ndiye akalakwitsa wina mnzake amamukonza. Koma pa nkhani ya kukwera ndi kutsika, onse ali pamwamba panu. Palibe amene ali pansi pa mapazi anu, poti dziko lenilenilo limatchinga. Zili ngati mlandu umene mboni zonse zachokera banja limodzi. N'chifukwa chake kulakwitsa kwa GPS pa kutalika kwa malo kumatha kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi kulakwitsa kwake pa malo amene mwaima.

Mwina mukuti mamita ochepa chabe ali ndi vuto lanji. Taganizani chonchi. Mwatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, mukudya chinangwa. Foni m'thumba ikuganiza kuti mwakwera mamita 3, kenako mwatsika 3, kenako mwakweranso. Pa kutalika kwa malo zimenezi zimafafanizana. Pa chikweza chonse sizifafanizana, paja kutsika sitiwerengera. Kunjenjemera kotere kukachitika maulendo 200 pa tsiku, apu yopanda nzeru ikupatsani mamita 600 aulere, inu musanatuluke thukuta ndi dontho limodzi. Ndiye mukaona munthu wapalasa pa msewu wa kunyanja, kuchoka ku Salima kulowera ku Nkhotakota kumene malo ake ndi achidikha, koma nambala yake ikuoneka ngati wakwera phiri la Zomba, musafulumire kumutcha wabodza. Mwina foni yake ndi imene inali ndi malungo.

Njira yachiwiri ndi barometer, kachipangizo koyeza mmene mpweya ukupanikizira. Mukamakwera, mpweya wa pamwamba panu umachepa, ndiye kupanikiza kwake kumatsika, pafupifupi hPa imodzi pa mamita 8 kapena 9 alionse. Makompyuta ambiri a pa handulo, mawotchi ena ndi mafoni ena okwera mtengo ali nako. Pa njira zitatuzi, iyi ndi imene ine ndimaikhulupirira kwambiri, chifukwa sikanjenjemera ngati GPS ndipo kamamva ngakhale kachitunda kakang'ono. Koma kachipangizoka sikadziwa kusiyanitsa phiri ndi nyengo. Kukamabwera chimvula, kupanikiza kwa mpweya kumasintha inu muli pamalo amodzi. Kukatsika ndi hPa 3, iko kalemba kuti mwakwera mamita pafupifupi 25. Komanso kamapumira pa kabowo kakang'ono ngati ka singano. Kabowoko kakatsekeka ndi madzi a mvula, thukuta kapena fumbi la mu Okutobala, basi, manambala amayamba kuyenda okha.

Njira yachitatu ndi imene inandisangalatsa kwambiri nditaimva. Maapu ambiri sakhulupirira kutalika kumene foni yanu yayeza. Amangotenga mzere wa kumene mwadutsa n'kuugoneka pa mapu a kutalika kwa dziko amene ali nawo kale mu kompyuta zawo. Mapu ambiri aulere a mtundu umenewu anachokera ku ulendo umodzi wa mu February 2000, pamene chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Endeavour chinazungulira dziko kwa masiku 11 chikuyeza nthaka ndi radar. Ntchitoyo imadziwika kuti SRTM. Poyamba, kunja kwa America anatulutsa mapu a mabokosi a mamita 90 mbali iliyonse, ndipo a mamita 30 a kuno ku Africa anawatulutsa mu 2014. Tanthauzo lake n'lakuti malo okula mamita 30 uku ndi 30 uku amapatsidwa nambala imodzi yokha. Msewu wathu, umene m'lifupi mwake sufika ngakhale theka la bokosilo, mapuwo sauona n'komwe. Amaona phiri limene msewuwo unadulidwamo.

Amene munakwerapo msewu wa Golodi wopita ku Livingstonia mukudziwa mmene makona ake alili: dzanja ili khoma la mwala, dzanja ilo phompho. GPS ikangokusunthani pang'ono kumanzere, mapu akuikani pamwamba pa khomalo. Ikakusunthirani kumanja, akuponyani kuphompho. Inu muli phee pa msewu, koma mu kompyuta mukudumphadumpha ngati mbuzi ya m'phiri, ndipo kudumpha kulikonse akukuwerengerani ngati chikweza. Pa mlatho napo mapu amaona mtsinje, ndiye amayesa kuti munatsikira m'madzi n'kukwera tsidya lina. Ndipo pali china. Radar ija sinkafika pansi bwinobwino pamene pali nkhalango yowirira, inkagunda m'nthambi za mitengo. Tsono ganizirani za Chikangawa, kumene M1 imadutsa m'nkhalango ya paini. Tonse tikudziwa mmene mitengo ija yathera kuchokera chaka cha 2000. Apu imene ikudalirabe mapu akale aja ikhoza kumakuyendetsani pamwamba pa mitengo imene inachekedwa matabwa kalekale. Nthawi zina ndimaganiza kuti malo okhawo amene nkhalango ija idakali yathunthu ndi mu mapu amenewo, koma imeneyo ndi nkhani ya sabata ina.

Tsono tiyerekeze kuti mwapeza chipangizo chosalakwitsa ngakhale pang'ono. Kodi mkangano watha? Ayi ndithu. Patsala funso limene makina sangayankhe okha: kodi chitunda chimayambira pati? Hampu ya pa Lunzu ndi chitunda? Nanga tayala likalowa m'dzenje n'kutulukamo, mwakwera? Nanga kamwala? Mukati tiwerenge chilichonse, nambala ingokulirakulira, chifukwa mukayang'anitsitsa palibe msewu wosalala, makamaka yathuyi. Katswiri wa masamu Benoit Mandelbrot analemba za vuto longa lomweli mu 1967, pofunsa za kutalika kwa gombe la Britain. Mukayeza gombe ndi ndodo yaitali mupeza nambala ina, mukayeza ndi ndodo yaifupi yolowa m'kakhonde kalikonse mupeza yaikulu kuposa pamenepo. Gombe la nyanja yathu ya Malawi lingachitenso zomwezo.

Ndiye aliyense wopanga apu amasankha ndodo yake. A Strava, mwachitsanzo, anafotokoza kuti ngati chipangizo chanu chili ndi barometer amayamba kuwerengera mukakwera mopitirira mamita 2 mosadukiza, koma ngati chilibe amadikira mamita 10. Ena ali ndi malire awo. Taonani zotsatira zake. Msewu uli ndi timitunda 50 ta mamita 8 kalikonse. Miyendo yanu yakwera mamita 400. Wa barometer amupatsa pafupifupi onsewo, wa foni wamba akhoza osapatsidwa kanthu. Onse awiri anapalasa limodzi, anatopa limodzi, ndipo palibe wanama. Chikweza chonse si chinthu chokhala pa msewu chodikira kuti wina achipeze, ngati mmene Sapitwa alili pa mamita 3,002. Mbali ina ndi msewu, mbali ina ndi chigamulo cha munthu amene anakhala pa desiki kutali n'kunena kuti chochepera apa si chitunda.

Kwa ife a pa benchi ya tchipisi, zonsezi zimathera m'kuseka. Koma pali munthu amene zinamuwawa zenizeni. Kuli masewera ena otchedwa Everesting: umasankha chitunda chimodzi, n'kumakwera ndi kutsika pomwepo, osagona, mpaka chikweza chako chikwane mamita 8,848, kutalika kwa phiri la Everest. Gulu la ku Australia lotchedwa Hells 500 ndi limene linkatsimikizira amene akwanitsa. Mu 2020 mipikisano itaima chifukwa cha Covid-19, akatswiri ambiri anatembenukira kumeneko. Pa 13 June chaka chimenecho, Lachlan Morton wa ku Australia, yemwe ankapalasira timu ya EF Pro Cycling, anakwera chitunda cha Rist Canyon ku Colorado maulendo 42. Anamaliza pa maola 7, mphindi 32 ndi masekondi 54, kuposa aliyense amene anayesapo. Manyuzipepala a masewera analemba, anthu anamuyamikira. Patangopita masiku ochepa, zinadziwika kuti nambala ya kutalika kwa chitundacho imene anadalira pa Strava inali yokokomeza, ndipo mamita 8,848 aja sanakwane. Anamulanda ulemuwo.

Onani mmene kulakwitsa kwakung'ono kumaberekerana. Chitunda chikangonamiziridwa ndi mamita 10 okha, pa ulendo umodzi palibe angazindikire. Kuchulukitsa ndi 42, mwapeza mamita 420 amene kulibe. Morton sanabe, sanadule njira, anangokhulupirira nambala imene aliyense ankaikhulupirira. Chimene anachita pambuyo pake ndi chimene chimandichititsa kumupatsa ulemu: pa 20 June, patangotha sabata imodzi, anabwereranso pa phiri lomwelo, atayeza bwino tsopano, n'kukwera maulendo 47. Anamaliza pa maola 7, mphindi 29 ndi masekondi 57, mofulumira kuposa poyamba paja. Sipanathe mwezi, Alberto Contador wa ku Spain anamuposa. Ndipo ngati kuti nkhaniyi sinakwane kuseketsa, mu December chaka chomwecho maboma a Nepal ndi China analengeza kuti atayezanso apeza kuti Everest ndi wa mamita 8,848.86. Ngakhale phiri limene onse ankalithamangira linali lisanamalize kuyezedwa.

Mwina wina akuti, zimenezo ndi za azungu okhuta, ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza pa nkhani ya dzuwa. Munthu amene akukonza ulendo wautali pa njinga, kaya wa masewera, kaya wothandiza kusonkhetsa ndalama za tchalitchi kapena chipatala, sayang'ana makilomita okha. Makilomita 60 a pachidikha ndi makilomita 60 a m'mapiri ndi masiku awiri osiyana. Chikweza ndi chimene chimakuuzani kuti munyamuke nthawi yanji, mutenge madzi ochuluka bwanji, ndiponso ngati mnzanu amene wangoyamba kumene angakwanitse. Apu ikakuuzani 600 pamene miyendo ikakumana ndi 900, si nkhani ya manyazi chabe. Kuno dzuwa likamalowa silichedwa, ikangokwana 6 koloko mdima wagwa. Ndipo inu mukudziwa mmene M1 imakhalira usiku kwa munthu wa pa njinga: m'mphepete modyekadyeka, mathiraki akuphana ndi magetsi, inu mulibe olo kanyali kumbuyo. Ola limodzi limene nambala yolakwika yakuberani limakathera pamenepo.

Ine mmene ndimachitira ndi chonchi. Pa chitunda chimodzi chachitali, chokwera osatsikatsika, nambala imatheka kuitsimikiza, chifukwa mumangofuna kutalika kwa pansi ndi kwa pamwamba. Kuchokera ku Chikwawa, kumene ndi cha m'ma mamita 100, kudzera pa Thabwa kukwera mpaka mu Blantyre amene ali pamwamba pa 1,000, chipangizo chilichonse chikandiuza nambala yochepera 900 ndimadziwa kuti chagona pa ntchito. Mapu akale a pepala a ku Dipatimenti ya Survey, aja a mizere yokhotakhota yosonyeza kutalika, amathandizanso pamenepa, ndipo mabatire sawathera. Koma pa msewu wokwera ndi kutsika ngati wa ku Dedza uja, sindiyembekeza kuti zipangizo ziwiri zigwirizana. Ndimangoyerekeza ulendo wa lero ndi wa sabata yatha pa chipangizo chimodzi chomwecho, poti ngati chikunama, chikunama mofanana. Ndipo pokonza ulendo wa kumene sindinafikeko, ndimatenga nambala yaikulu pa zonse zimene ndapeza. Yaing'ono ndimasiyira odzitama, ngakhale iwo saifuna.

Pali chinanso chimene nambalayi sinena, ngakhale itakhala yolondola mpaka pa sentimita. Ntchito yokweza chinthu imadalira zinthu ziwiri: kutalika ndi kulemera. Katundu akawirikiza kawiri, ntchito nayo yawirikiza kawiri pa chitunda chomwecho. Morton anakwera ndi njinga yoti mungainyamule ndi dzanja limodzi. Bambo amene timakumana nawo mbandakucha akukankha njinga yosanjikiza matumba a makala, kapena mitolo ya nkhuni yotalika kuposa mutu wawo, akakwera mamita 300 ndi katundu wolemera katatu kuposa ine ndi njinga yanga, agwira ntchito yofanana ndi mamita 900 anga. Mukawamangirira foni pa handulo, apu iwalembera 300 basi, n'kuwaika pansi pa mndandanda chifukwa anayenda pang'onopang'ono. Sindikunena izi pofuna kukometsa malonda a makala, tonse tikuona mmene mapiri athu ayerera. Ndikungonena kuti tikamapikisana pa manambala Loweruka m'mawa, pa msewu womwewo pamakhala anthu amene anayamba kukwera ife tili m'tulo.

Akabaza a njinga zopalasa nawo ali ndi kayezedwe kawo, ndipo amaphatikiza zonse zimene apu imasiya. Mukawatchulira kumene mukupita, sayankha msanga. Amayang'ana kaye kumene kuli njirayo, kenako amakuyang'anani inuyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako chikwama chanu. "Bwana, kumene kuja kuli chitunda, muwonjezerako pang'ono." Mukati bwanji dzulo pobwera munalipira zochepa pa njira yomweyo, akuyankhani kuti dzulo kunali kotsetsereka, komanso munalibe thumba la ufa.